Silinda Yachisanu

Ntchito ya magetsi a galimoto ndinaiphunzira ku Lilongwe, ndipo ndinaigwira zaka zisanu ndi zinayi tisanasamukire kuno ku Perth. Amene anatibweretsa ndi amuna anga, omwe ndi namwino. Ine ndinangolembedwa pa mapepala awo monga mkazi wawo basi. Chaka choyamba ndi theka ndinkasamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndikudikira kuti maphunziro anga a umakaniko avomerezedwe. Atavomerezedwa ndinapeza ntchito pa galaja ina yaing'ono kufupi ndi Kwinana. Mwini wake anali mzungu wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku loyamba anandilozera galimoto imene inatha mlungu wathunthu isakulira, iye n'kupita kukagula khofi. Pobwera anaipeza ikulira. Anangogwedeza mutu n'kundionetsa poika chikwama.

Sipanatenge nthawi kuti anthu akwathu adziwe kuti kuli mayi wa Chimalawi wokonza magetsi a galimoto. Tikaweruka ku tchalitchi ndinkachedwa poimika magalimoto, ndili m'zovala za Lamlungu, mutu uli m'boneti ya munthu. Ena ankayamba afunsa kaye amuna anga, poganiza kuti makaniko ndi iwowo. Amuna anga sadziwa ngakhale pothira madzi a mawaipa, choncho ankangoseka n'kundiitana.

Mwa magalimoto onse amene ndinagwirapo nthawi imeneyo, imene ndimaikumbukira kwambiri ndi ya bambo wina wa ku Chipata. Bambowa anabwera kuno kalekale, ife tisanaganizeko n'komwe za Australia, ndipo ankagwira ntchito yoyang'anira zida zoyezera pa fakitale ina ku Kwinana. Anali munthu waudongo, wa malaya ositidwa bwino, wolankhula pang'onopang'ono. Galimoto yawo inali yoyera, yaitali, ya masilinda sikisi, yakale ndithu koma yosamalidwa kuposa zatsopano zambiri. Ndi chinthu choyamba chachikulu chimene anagula atafika m'dziko lino.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Zomba, namwino amene ankagwira ntchito limodzi ndi amuna anga ku chipatala cha Murdoch. Ine ankanditchula kuti alamu. Mkamwini ameneyu ankakonda zamagalimoto mopitirira muyezo. Akaweruka ku chipatala ankakhala akuonera mavidiyo a anthu otchuna mainjini, ndipo akakumana nane sankandifunsa za ana kapena za kumudzi, koma za mavavu.

Chaka china mchimwene wawo wa bambo aja anamwalira ku Chipata. Bambowo anapita kumaliro, n'kukhalako miyezi itatu akulongosola za pabanja. Makiyi anasiyira mkamwini kuti aziiliza galimotoyo mlungu uliwonse, batire lisafe. Mkamwiniyo anachita zoposa pamenepo. Anachotsa kompyuta ya injini imene inabwera ndi galimotoyo kuchokera ku fakitale, n'kuikamo ina yogula padera, ya mtundu umene munthu amatha kuilumikiza ku laputopu n'kusintha yekha mmene injini ikumwera mafuta. Soketi yake inali yofanana ndi ya yakaleyo, choncho sanadule waya aliyense. Anawonjezerapo masensa awiri, ina yoyeza mphamvu ya mafuta ochokera ku pampu, ina yoyeza mpweya wotuluka ku ekizozi. Maganizo ake anali oti apongozi ake akabwera adzadabwe kuti galimoto ikukoka bwino komanso ikumwa mafuta ochepa. Koma atabwera, mnyamatayo anachita mantha kuwauza. Anadikira tsiku labwino, tsikulo osafika.

Miyezi iwiri galimoto inayenda bwino. Kenako kutayamba kutentha, inayamba matenda. M'mawa inkalira bwinobwino. Koma madzulo bambowo akamachokera ku ntchito, atayenda pamsewu waukulu mphindi makumi awiri, akaima pa maloboti injini inkayamba kunjenjemera, silo, kalilidwe kake ka pamene yaima, n'kusokonekera, fungo la petulo n'kumalowa m'kati. Mafuta anayamba kutha msanga. Chodabwitsa n'chakuti kagetsi ka injini ka pa dashibodi sikankayaka. Anapita nayo ku galaja ina ya pafupi ndi kwawo. Kumeneko anasintha mapulagi, anayeza mainjekita othira petulo mu injini n'kunena kuti ali bwino, koma atalumikiza sikana yawo, makina owerengera zolakwika zimene kompyuta yasunga, sikanayo inakana kulankhula ndi galimotoyo. Atatsegula pansi pa dashibodi anapeza kabokosi kachilendo. Umu ndi mmene bambowo anadziwira zimene mkamwini wawo anachita: anamva kwa makaniko wachilendo, ataima pakati pa anthu ena.

Sanakalipe. Anangosiya kulankhula naye. Akakumana ankapatsana moni wa ulemu wonse, koma nkhani ina iliyonse inkadzera mwa mwana wawo wamkazi. Ndi mtsikanayo amene anandiimbira foni, mawu ake akumveka kutopa. Anati bambo ake akuti kompyuta yatsopanoyo yawaonongera galimoto, pamene mwamuna wake akuti kompyutayo ilibe mlandu, ndipo iyeyo watopa kunyamula mawu kuchoka nyumba ina kupita ina. Anandipempha kuti ndiione, chifukwa onse awiri anavomera kuti chimene ndidzanene ine adzachilandira.

Ndinapempha abwana anga kuti ndigwiritse ntchito galaja Loweruka, iwo anandipatsa makiyi. Ndinauza mtsikanayo kuti awauze abwere ndi makompyuta onse awiri komanso laputopu.

Bambowo ndi mkamwini wawo anafika cha m'ma naini, dzuwa litayamba kale kuotcha malata, aliyense pa galimoto yake. Bambowo anatsika atanyamula katoni ya nsapato. M'kati munali kompyuta yakale ija, itakulungidwa m'thaulo. Anaiika pa benchi mosamala n'kundiuza m'Chinyanja chawo cha ku Zambia:

"Mai, iyi motoka siinanivutisepo zaka zonse izi. Manje muli vinthu vamene siniziba. Bwezeranimo chabe yakale."

Mkamwini anaima chapatali, laputopu ili m'khwapa. Anayang'ana ine, osati apongozi ake, n'kunena kuti ndiwafotokozere bambo kuti kompyuta yatsopanoyo imaona zambiri zimene yakaleyo singaone. Ndinawauza onse awiri kuti sindinabwere kudzaweruza mlandu, ndabwera kudzapeza chimene chikuvuta injini, ndipo ndigwiritsa ntchito chida chilichonse chimene chingandithandize.

Kusiyana kwa makompyuta awiriwa ndinali nditakudziwa kale, ngakhale ku Lilongwe yogula padera ndinangoionapo kamodzi. Ya ku fakitale anaipangira injini imodzi yokhayo. Amene anaipanga anakhala nayo zaka akuiyesa pozizira ndi potentha, ndipo anaiphunzitsa mmene injini yabwino imayendera. China chikalakwika imayatsa kagetsi n'kusunga khodi, nambala yonena pamene pali vuto. Kwathu, pa magalimoto akale a ku Japan, tinalibe ngakhale sikana. Tinkalumikiza timabowo tiwiri ta pa soketi ndi kawaya, kagetsi n'kuyamba kuthwanima, ife n'kumawerenga: kawiri, kupuma, kasanu. Koma kompyuta ya ku fakitale imakuuza zokhazo zimene anailola kunena. Yogula padera ndi yosiyana. Anaipanga kuti ikwane pa mainjini ambirimbiri, choncho siidziwa kuti injini imene yaikidwapo iyenera kumveka bwanji. Ngati woikayo sanaiuze kuti chakuti chikafika pakuti uyatse getsi, imangokhala chete. Koma imalemba chilichonse chimene ikuona, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo umatha kuilamula kuchita zinthu uli pa laputopu.

Ndisanagwire kalikonse ndinawafunsa bambowo mafunso, iwo n'kuyankha mwadongosolo ngati akupereka lipoti la ku ntchito. Vuto limabwera injini ikatentha. Ikagona usiku wonse limatha. Nditamva zimenezi ndinanena molimba mtima kuti n'kutheka kuti ndi pampu ya mafuta, chifukwa ndinali nditaonapo mapampu ambiri okalamba amene amafooka akatentha. Ndinafika mpaka ponena kuti mwina pofika masana tikhala titamaliza.

Tinayamba ndi kompyuta imene inali kale m'galimoto, yatsopanoyo. Ine ndinagwira chiwongolero, mkamwini anakhala pambali panga ndi laputopu pamiyendo, bambowo kumbuyo. Tinalowa mumsewu waukulu, tinadutsa mathanki a mafuta ndi machumuni a mafakitale, n'kupitirira chakumwera. Galimotoyo inkakoka bwino, ndiyenera kuvomereza. Mnyamatayo anali ataitchuna mosamala. Titayenda pafupifupi theka la ola ndinapatuka n'kukaima pa maloboti oyamba. Pomwepo chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwanga. Injini inkamisa, kulira modukizadukiza, kuleka, kumisanso. Kagetsi ka pa dashibodi sikanayake.

Titabwerera ku galaja ndinatsegula zimene kompyuta inalemba. Choyamba ndinayang'ana mzere wa mphamvu ya mafuta, ndikuyembekezera kuuona ukugwa. Unali wowongoka kuyambira pamene tinanyamuka mpaka pamene tinazimitsa. Pampu inalibe vuto lililonse. Ndinawauza onse awiri kuti ndalakwitsa, si pampu, ndipo chikanakhala kuti panalibe sensa imene mkamwini anaika ija, ndikanatsitsa thanki pachabe. Mnyamatayo anayesetsa kuti asamwetulire.

Mzere wina ndi umene unali ndi nkhani. Sensa ya ku ekizozi inkaonetsa kuti nthawi zina mpweya unkachuluka mwadzidzidzi, ngati mafuta achepa, ndipo nthawi yomweyo kompyuta inkawonjezera mafuta ku masilinda onse sikisi. Apa ndinamvetsa za fungo la petulo ndi kutha msanga kwa mafuta. Silinda imodzi inkaleka kugwira ntchito n'kumangopopa mpweya wosapsa. Sensa ikaona mpweyawo, kompyuta inkaganiza kuti injini yonse ikusowa mafuta, n'kuthirira onse. Inkayesetsa kukonza vuto, koma pochita zimenezo inkalibisa. Ndipo sinanene kuti ndi silinda iti.

Ndinati tsopano tiyese yakale. Nkhope ya bambowo inasintha pang'ono. Anafunyulula okha thaulo lija n'kundipatsa kabokosiko ndi manja awiri. Ndinachotsa waya wa batire, ndinagona chagada pansi pa dashibodi ku mbali ya wokwera, miyendo ili panja, thukuta likulowa m'maso. Kusintha kunatenga mphindi khumi. Galimoto inalira nthawi yomweyo.

Ulendo wachiwiri tinadzera njira yomwe ija. Popeza kompyuta yakale sinkalankhula ndi laputopu, mkamwini anali ataitseka. Tili m'njira, bambowo anandiuza kuti ndimupemphe mkamwini awabwereke makinawo, akufuna aone mizere imene timayang'ana ija. Mnyamatayo anali atamva yekha, koma anadikira kuti ine ndibwereze, kenako anatsegula n'kupereka kumbuyo. Pagalasi ndinkawaona atavala magalasi awo owerengera, akuyendetsa chala pang'onopang'ono.

Pa maloboti omwe aja injini inayambanso kumisa, ndipo ulendo uno kagetsi kanayamba kuthwanima. Zinthu ziwiri zinadziwika nthawi imodzi. Kompyuta yakale inaona vuto limene yatsopano sinanene. Koma vutolo linalipobe ngakhale yatsopanoyo itachotsedwa, kutanthauza kuti si imene inalibweretsa. Ndinaimika pambali, ndinalumikiza sikana yanga, ndipo inandipatsa khodi imodzi yomveka bwino: silinda yachisanu ikumisa.

Ndinawawerengera mokweza. Kenako bambowo analankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sanadzere mwa ine.

"Apongozi, uyu mzere wofiira ni wa chani?"

Mkamwini anatembenuka mofulumira mpaka lamba anamukoka. Anayankha kuti ndi kutentha kwa mpweya wolowa mu injini. Bambowo anamuonetsa pa sikirini. Anati ayang'ana malo onse amene mpweya wa ku ekizozi unalumpha, ndipo palibe ngakhale amodzi amene anachitika mzere wofiirawo usanadutse malo akutiakuti. Sizinkachitika galimoto ikuthamanga, pamene mphepo ikuziziritsa pansi pa boneti. Zinkayamba ikaima, kutentha kukaunjikana. Anati ku ntchito kwawo amayang'ana mizere yotereyi tsiku lililonse, ndipo chida chikamachita zimenezi nthawi zambiri chimakhala ndi waya amene amalekana akatentha n'kugundananso akazizira. Ine ndinali ndisanafike pamenepo. Ndinali nditayang'ana mafuta ndi mpweya, koma kutentha ndinali ndisanakuike pambali pake.

Khodi ija inatiuza malo, koma sinatiuze chifukwa. Silinda imamisa pa zifukwa zitatu: moto wa pulagi ukasowa, mafuta akapanda kufika, kapena ikamataya mphamvu chifukwa cha mavavu kapena maring'i. Makompyuta a ku fakitale a masiku ano ena amatha kunena kuti waya wa injekita waduka, koma iyi inali yakale, inangonena kuti yachisanu basi. Ndikanatha kuyamba kusintha zinthu chimodzichimodzi, koma sindimakonda kugwira ntchito mongoyerekeza. Ndinati tibwezeremo yatsopano ija mwamsanga injini isanazizire.

Tinachitira pambali pa msewu pomwepo, pansi pa mtengo wa bulugamu umene mthunzi wake sunali wokwanira anthu atatu. Mkamwini anamasula batire, ine ndinalowa pansi pa dashibodi, bambowo anagwira chitseko kuti chisandimenye. Titailiza tinaisiya pa silo, boneti ili yotseka, mpaka inayambanso kunjenjemera. Ndiye ndinauza mkamwini kuti azimitse mainjekita imodziimodzi kuchokera pa laputopu. Injekita ndi kampopi kamagetsi kamene kamafayira petulo mu silinda, ndipo silinda iliyonse ili ndi yake. Atazimitsa yoyamba, injini inagwa kwambiri. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu, yachinayi. Atazimitsa yachisanu palibe chinasintha.

Tinazimitsa injini. Kompyuta yatsopanoyo inali ndi njira yomenyetsa injekita injini isakulira, kuti umve ngati ikutseguka. Ndinatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injekita, chogwirira pakhutu. Yachinayi inkamveka bwino, te te te. Yachisanu inali zii. Ndinawapatsa bambowo kuti amve okha, ndipo anawerama ndi malaya awo ositidwa aja pa injini yotentha, n'kumvetsera zonse sikisi, imodzi ndi imodzi. Kenako ndinazula soketi ya yachisanu n'kuyeza ndi mita. Zinzake zinkawerenga maomu khumi ndi atatu kapena kuposa pang'ono. Iyo sinkawerenga kanthu, ngati waya woduka. Tinakhala pansi pa mtengo uja, boneti ili yotsegula, tikumwa madzi amene anali atafunda kale. Patatha theka la ola ndinayezanso. Inawerenga khumi ndi atatu ngati zinzake.

N'chifukwa chake a ku galaja ina aja sanapeze kanthu. Sanali anthu osadziwa ntchito. Anaiyeza m'mawa, ili yozizira, ndipo nthawi imeneyo inali yabwinodi.

Ndinawafotokozera bambowo kuti kawaya kopyapyala kokulungidwa m'kati mwa injekita kakalamba ndi zaka, ndipo kakanaduka ngakhale munthu akanapanda kugwira galimotoyo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anavula magalasi, anawapukuta, n'kutembenukira kwa mkamwini wawo. Anati avomera kuti kompyutayo sinaononge kanthu, ndipo aona kuti ntchito anaigwira mwaukhondo, mawaya anawamanga bwino.

"Koma sininakalipe chifukwa cha kompyuta," anatero. "Munafunika kunifunsa. Olo kuniuza pamene ninabwela. Ninamvela kuli munthu wamene siniziba, pa menso pa anthu."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Ndinkaganiza kuti ayamba kufotokoza za mafuta ochepa ndi kukoka bwino, monga ankachitira nthawi zonse, koma sanatero.

"Ndinalakwa, bambo. Ndinkaopa kukuuzani, ndiye tsiku lililonse zinkavutiravutira. Mundikhululukire."

Bambowo anati zamveka, zatha. Ine ndinadzipezera chochita kumbuyo kwa galimoto, ndikulongedza mita ndi mawaya ake nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Ngakhale zonse zinkaloza injekita, ndinafuna umboni wina ndisanawauze kuti agule chinthu. Loweruka lotsatira anabweranso, ulendo uno pa galimoto imodzi. Ndinamasula paipi imene mainjekita amakhalapo, ndinachotsa yachisanu n'kuisinthanitsa ndi yachiwiri, ndinaika timphira tatsopano kuti pasadonthe, n'kubwezeramo kompyuta ya ku fakitale. Tinayenda ulendo wathu uja. Kagetsi kanayaka, ndipo sikana inati silinda yachiwiri ikumisa. Vuto linali litasamuka limodzi ndi injekita. Pamenepo ndinalibenso chikayiko. Bambowo anasankha kusintha zonse sikisi, poti zonse zinali za msinkhu umodzi, ndipo ndinagwirizana nawo.

Tikudikira kuti zida zifike, nkhani inatsala inali yakuti m'galimotomo mukhale kompyuta iti. Onse awiri anandifunsa, aliyense payekha, kuti yabwino ndi iti. Ndinawayankha mofanana. Pofuna kudziwa kuti vuto lilipo ndiponso lili pati, ya ku fakitale inatithandiza mwachangu, ndipo makaniko aliyense wa m'tauni muno angathe kuiwerenga ndi sikana wamba. Pofuna kudziwa chimene chikuchitika kwenikweni, yogula padera inatipatsa zimene inayo sikanatha: inandiletsa kutsitsa thanki, inaonetsa za kutentha, inatilola kuzimitsa mainjekita tili chikhalire. Koma imafuna munthu wodziwa kuifunsa, ndipo ikaikidwa popanda kuiuza nthawi yoyatsa getsi, ikhoza kukuyendetsa miyezi injini ikudwala iyo ili chete. Pa galimoto yothamangitsa pa mpikisano kapena injini imene yasinthidwa kwambiri, ndingasankhe yogula padera mosakayika. Pa galimoto yopitira ku ntchito ndi ku tchalitchi, injini yake ili mmene inabwerera, ndingasiyemo ya ku fakitale.

Bambowo anaganiza mlungu wathunthu. Anandiuza pambuyo pake kuti mizere ija inawakopa kwambiri, moti anatsala pang'ono kusankha yatsopanoyo. Chinawabweza ndi akazi awo, amene ankayendetsanso galimotoyo popita kukagula zinthu ndi kukatenga zidzukulu. Anati mayiwo sangayende ndi laputopu. Akufunika getsi loti likayaka aime n'kuimba foni. Choncho yakale ija inakhalabe momwemo. Masensa awiri aja anati ndiwasiye pomwepo, mawaya ake ndiwamange bwino pambali, kuti tsiku lina kukadzavuta tidzangolumikiza inayo n'kuona.

Tsiku loika mainjekita atsopano mwana wawo wamkazi anabwera nawo, atanyamula mandasi ndi fulasiki ya tiyi, ngakhale kunja kunkatentha moti tiyiyo palibe anamufuna. Ana ake awiri ankathamangathamanga pabwalo, agogo awo akawalankhula m'Chinyanja iwo n'kumayankha m'Chingerezi cha kuno. Ntchito inatenga maola awiri. Tinayenda ulendo womaliza, tinaima pa maloboti, tinadikira dala mpaka fani ya injini inalira kawiri. Chiwongolero sichinagwedezeke. Bambowo anandipempha kuti ndiwapatse injekita yakufayo. Anati akufuna akaidule ku ntchito aone pamene kawayako kanadukira, ndipo Lamlungu lotsatira anandionetsa chithunzi pa foni: kadontho kakuda kochepa kuposa njere ya therere.

Kuchokera nthawi imeneyo ndinasintha kagwiridwe kanga pa zinthu ziwiri. Galimoto ikabwera ndi vuto lobwera ikatentha, sindiyeza kanthu ili yozizira, ngakhale mwini wake akhale wofulumira bwanji. Ndipo ikabwera ndi kompyuta yogula padera, funso langa loyamba limakhala lakuti yakale ili kuti. Ambiri amakhala atataya kapena kugulitsa. Abwana anga, amene poyamba ankakana magalimoto otere, anayamba kundisiyira onse, ndipo anyamata a ku mafakitale amene amatchuna magalimoto awo anayamba kubwera akufunsa za ine.

Patapita miyezi ingapo mkamwini uja anagula galimoto yakale yosayenda, ya mtundu womwewo, kwa munthu wina amene inamukanika. Ku fulati kwawo kunalibe poiika, choncho inakakhala kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, ndipo kompyuta yatsopano ija inalowa mmenemo. Loweruka lililonse limene mnyamatayo alibe shifiti amakhala ali kumeneko, iye pansi pa galimoto, bambowo pa mpando wa pulasitiki ndi laputopu. Mtsikana uja anandiuza kuti tsopano akudandaula zina: akapita kwa makolo ake, mwamuna wake ndi bambo ake samuona n'komwe. Amandiimbira foni akasemphana maganizo, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti onse awiri aphonya. Galimotoyo inalira koyamba mwezi wa Juni, kukugwa mvula, koma giya yobwerera m'mbuyo mpaka pano sikulowa.